Makalata a Omvera: Khonsolo Ikabwereka Kudzera m'Mabondi, Wobweza Ndani?

Omvera athu, takulandirani ku gawo la makalata anu. Sabata yatha tidakambirana ganizo lakuti makhonsolo a mizinda ngati wathu wa Zomba azibwereka ndalama kwa anthu ndi makampani pogulitsa zikalata za ngongole zotchedwa mabondi, kuti amange misewu ya m'makwalala, ngalande, misika ndi madepoti popanda kudikira thumba la boma. Makalata abwera ambiri, ena otentha ndithu, ndipo ndasankhapo anayi. Monga mwa chizolowezi chathu, maina a olemba sinditchula.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Mpondabwino amene amagulitsa tomato ndi anyezi. Iwo alemba motere:

"Bambo muulutsi, ine ndimafika pamsika kusanache, ndipo chaka chilichonse mvula ya mu Januwale ikalimba, madzi otsika kuphiri amadzaza ngalande ya kuseri kwa benchi langa n'kusefukira pansi pa madengu. Madenguwo ndimawakweza pa njerwa zitatu zosanjikiza, komabe tsiku lina chaka chatha ndidapeza dengu lathunthu la tomato litamira m'matope, mpamba wa sabata yonse n'kuthera pomwepo. Choncho ngalande yabwino ndikuifuna kuposa wina aliyense. Koma tandiuzani, bondi imeneyi ndi chiyani kwenikweni, ndipo akabwereka, wobweza ndani? Tikiti ya msika ndimadula tsiku lililonse, kaya ndagulitsa kaya sindidagulitse. Kodi si tikiti yomweyi imene idzakwere?"

Mayi, pepani chifukwa cha tomato uja. Funso lanu lomalizali ndi limene liyenera kuyankhidwa munthu aliyense asanagwire cholembera kuti asaine ngongole, koma ndiyambe ndi loyamba. Tiyerekeze kuti khonsolo ikufuna K1 biliyoni. M'malo mopita kubanki imodzi, imagawa ngongoleyo m'zikalata zambiri n'kuzigulitsa, ndipo aliyense wogula chikalata ndiye kuti waibwereka ndalama khonsoloyo. Pachikalatapo pamalembedwa lonjezo lakuti wogulayo azilandira chiwongoladzanja pa nthawi zoikika, mwina miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo zaka zogwirizana zikakwana adzabwezeredwa ndalama yake yonse. Ngati wasowa ndalama nthawiyo isanakwane, angathe kugulitsa chikalata chakecho kwa wina pamsika wa masheya, umene kuno kwathu ndi Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Zimenezi si zachilendo m'dziko muno, chifukwa boma limabwereka motere nthawi zonse kudzera ku Reserve Bank. Ogula ambiri si anthu wamba ngati inu ndi ine, koma mabanki, makampani a inshuwaransi ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni, amene kuyambira mu 2011, pamene lamulo lidayamba kukakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo penshoni, ali ndi ndalama zofunika kuziika penapake kwa zaka zambiri.

Tsono za wobweza. Mabondi a makhonsolo alipo a mitundu iwiri. Ena amabwezedwa ndi ndalama zimene chinthu chomangidwacho chikubweretsa: khonsolo ikamanga depoti ya mabasi kapena msika wa mashopu obwereketsa, lendi ndi ndalama za pageti zimapita ku akaunti yapadera yobwezera ngongoleyo. Ena amabwezedwa kuchokera m'thumba lonse la khonsolo, momwe mumagwera msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za mabizinesi, ndi tikiti yanu ija. Ngalande, mayi, siidulitsa tikiti. Madzi amangodutsa osalipira kanthu. Choncho ngongole yomangira ngalande imakhala ya mtundu wachiwiriwu, ndipo mantha anu ali ndi maziko. Sindikunena kuti ngalandeyo isamangidwe, pakuti mwina kuwonjezera pang'ono pa tikiti kungakupepukireni kusiyana ndi kutaya dengu la tomato chaka ndi chaka. Chimene ndikunena n'chakuti inu ndi komiti ya msika wanu muli ndi ufulu wouzidwa, ngongole isanatengedwe, kuti ngalande yake ndi iti, idzatha liti, ndipo tikiti idzakwera ndi ndalama zingati kwa zaka zingati. Khansala wa dera lanu ndiye woyamba kumufunsa.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Chinamwali amene adapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo sakubisa mawu:

"Ndakhala mu Zomba muno kuyambira likulu la dziko lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Ndaona aphunzitsi anzanga akulandira ndalama zopumira pa ntchito lero, mawa n'kuzipereka zonse kwa akatapira. Ngongole ndi ngongole, ngakhale itavala suti n'kudzitcha bondi. Kodi adzukulu athu adalakwa chiyani kuti tiwasiyire ngongole asanabadwe? Ndiponso musaiwale kuti kuyambira mu 2005 mpaka mu 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala. Zoterezi zikadzachitikanso, ndani adzayang'anire ndalama zobwerekazo?"

Bambo, pa nkhani ya adzukulu ndilolereni ndisiyane nanu mwaulemu. Mlatho womangidwa bwino pa mtsinje wa Likangala ungakhale zaka makumi asanu, ndipo adzukulu anuwo adzauwoloka nthawi zambiri kuposa inu. Sikulakwa kuti nawonso adzasonkhepo. Kuwalakwira kumayamba pamene tabwereka ndalama yobweza zaka khumi n'kuthira phula lopyapyala losweka mvula yachitatu, kapena pamene ngongoleyo yathera ku malipiro, mafuta a galimoto ndi maalawansi a misonkhano. Apo mdzukulu amalandira ngongole yokha, chogwirika palibe.

Koma pa mtengo wa ngongoleyi, mawu anu aja a katapira sali kutali kwenikweni ndi choonadi. Mu 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake chotsogolera, chimene mabanki amatsatira poika chiwongoladzanja chawo, kufika pa 26 peresenti. Munthu amene ali ndi ndalama angathe kubwereka boma pa phindu lalikulu, ndipo boma ndi wobwereka amene ogula amamukhulupirira kuposa khonsolo iliyonse, kotero khonsolo ikafuna kuwakopa iyenera kulonjeza zoposa pamenepo. Tiyeni tiwerenge limodzi, inu ndinu mphunzitsi. K1 biliyoni pa 25 peresenti ndi K250 miliyoni ya chiwongoladzanja chokha chaka chilichonse. Pa zaka khumi ndi K2.5 biliyoni, ndipo biliyoni yoyamba ija ikadali pomwepo kudikira kubwezedwa. Mzinda wathu, malinga ndi kalembera wa 2018, udali ndi anthu opitirira pang'ono 105,000, ndipo olipira msonkho wa nyumba ndi kagawo chabe ka chiwerengero chimenechi. Wina anganene kuti tibwereke m'madola, kumene chiwongoladzanja n'chotsika, koma khonsolo imatolera makwacha, ndipo tonse tikukumbukira kuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngongole ya madola ikadatupa usiku umodzi, tikiti ya mayi wa ku Mpondabwino ija ili yomweyo. Chilungamo chikundikakamiza kuwonjezera kuti kudikira nakonso kuli ndi mtengo wake, chifukwa simenti ndi zitsulo zimakwera chaka ndi chaka, ndipo ngalande imene tikuizengereza lero idzafuna ndalama zambiri mtsogolo.

Za woyang'anira, lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu zotolera ndalama ndi kubwereka, koma kubwerekako kumadutsa m'manja mwa boma, ndipo mabuku a makhonsolo amaunikidwa ndi mkulu wolondoloza ndalama za boma komanso bungwe la National Local Government Finance Committee. Zaka zisanu ndi zinayi zopanda makhansala zija n'zoona, ndipo n'chifukwa chake chitetezo chenicheni chiyenera kulembedwa m'pangano la bondiyo, osati kudalira amene wakhala pampando: akaunti yapadera, munthu woima payekha woyang'anira akauntiyo m'malo mwa ogula, ndi malipoti osindikizidwa poyera. Mzinda ungagwe ndithu ndi ngongole. Detroit, ku America, idalengeza mu 2013 kuti yalephera kubweza ngongole za pafupifupi madola 18 biliyoni, ndipo ena mwa amene adamva kuwawa adali anthu opuma pa ntchito ngati inu, amene penshoni zawo zidadulidwa.

Kalata yachitatu yalembedwa ndi wophunzira wa pa University of Malawi amene amachita lendi ku Chikanda:

"Akuluakulu akuopa zinthu zimene anzathu adayamba kalekale. Johannesburg idagulitsa bondi mu 2004, Cape Town idagulitsa ina mu 2017 yothandizira ntchito za madzi ndi zachilengedwe. Ife namondwe wa Freddy adatiwonetsa mu Malichi 2023 kuti ngalande ndi milatho yathu siyokwanira. Tidikira mpaka liti? Kodi mzinda umene udali likulu la dziko uzingokhala wopemphapempha?"

Achimwene, mwawerenga bwino, ndipo mabondi onse awiriwo adali a ndalama zokwana 1 biliyoni ya ma rand iliyonse. Mtima wanu ndaukonda. Koma taonani chimene mizinda imeneyo ili nacho chimene ife tilibe. Johannesburg ndi Cape Town zimagulitsa zokha madzi ndi magetsi kwa anthu ambiri okhala m'mizindamo, ndipo mabilu amenewo amalowa m'thumba la mzinda mwezi ndi mwezi. Kuno madzi a m'damu la Mulunguzi amagulitsidwa ndi Southern Region Water Board, magetsi ndi a ESCOM, ndipo msewu waukulu wa M3 uli m'manja mwa Roads Authority. Zinthu zimene zimabweretsa ndalama zokhazikika sizili pansi pa khonsolo, pamene zinyalala, ngalande ndi timisewu ta m'makwalala, zimene zimangodya ndalama, ndizo zake.

Palinso china chimene ndi cha Zomba yekha. Yendani kuchokera ku Cobbe Barracks, mudutse kundende yaikulu ndi kuchipatala chachikulu, mukwere kumtunda kumene kuli maofesi akale a boma, mutsikire kuyunivesite kwanuko, ndipo muwerenge kuti nyumba zikuluzikulu za mzinda uno mwini wake ndani. Zambiri ndi za boma ndi mabungwe ake. Izi zikutanthauza kuti mphamvu ya khonsolo yobweza ngongole yamangiririka ku momwe boma lenilenilo likulipirira misonkho ya nyumba zake, ndipo wogula bondi aliyense wochenjera adzafunsa zimenezi asanatulutse tambala. Adzafunsanso kuti kaundula wa nyumba zolipira msonkho adakonzedwa liti, ndi nyumba zingati za m'madera omangidwa mothithikana, ngati kumene mukukhalako, zimene zidalowamo, ndiponso ngati mabuku a zaka zapitazi adaunikidwa n'kupezeka olongosoka. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ilibe mwambo wodula riboni, koma ndiyo khomo lolowera.

Muwerengenso za Dakar, likulu la Senegal. Mzindawo udakonzekera kwa zaka kuti ugulitse bondi yomangira msika wa ogulitsa malonda m'misewu, koma mu 2015, kutatsala masiku ochepa, boma la dzikolo lidaimitsa zonse. Khonsolo siingayende njira imeneyi popanda kumvana ndi unduna wa zachuma. Ine chimene ndikuona kuti n'chotheka kwa mzinda wa msinkhu wathu n'kuyamba ndi chinthu chimodzi chodzibwezera chokha, monga depoti kapena msika, kapenanso kuti mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ibwerekere pamodzi, monga momwe matauni ang'onoang'ono a m'chigawo cha Tamil Nadu ku India adachitira mu 2002 pa ntchito za madzi. Ndalama zolipira akatswiri a malamulo ndi owerengera chuma pokonza bondi n'zambiri, ndipo zimapepuka zikagawidwa.

Wachinayi ndi uthenga waufupi wa pafoni wochokera kwa mlimi wa mpunga wa ku Jali: "Ife a kumudzi zimenezi zikutikhudza, kapena ndi za a m'tauni okha?"

Bambo, Zomba ali ndi makhonsolo awiri, ya mzinda ndi ya madera ena onse a boma la Zomba, ndipo inu muli pansi pa yachiwiriyo, kotero ngongole ya mzinda siingalembedwe pa inu mwachindunji. Koma tsiku limene mwakweza matumba a mpunga wa ku Chilwa kudzagulitsa m'tauni, tikiti imene mudzadule ndi yomwe ija mayi wa tomato akuidandaula, ndipo galimoto imene yakunyamulani idzalipira padepoti n'kuwonjezera pa mtengo wa thumba lililonse. Komanso ngati boma la Malawi litalonjeza ogula kuti lidzabweza khonsolo ikalephera, ngongoleyo imasanduka ya aliyense wolipira msonkho m'dziko muno, kuphatikizapo inu pamene mukugula sopo ndi shuga pagolosale ya ku Jali.

Nthawi yatithera. Amene mumagulitsa m'misika ya ku Sadzi, Matawale ndi Chinamwali, tilembereni kuti tikiti mukudula ndalama zingati pa tsiku ndiponso ngati mumalandira lisiti, kuti sabata ya mawa tidzawerengere limodzi kuti msika umodzi ungathe kubweza ngongole yaikulu bwanji.