Kawotchi ka mu browser: ntchito yake, kumene kamatenga nthawi, ndi zimene kamapempha

Amayi ndi abambo, abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata. Ndikuona ena mwabwera ndi malaputopu, ena muli ndi mafoni okha. Nkhaniyi ikukhudzani nonse. Amene muli kumbuyoko, mawu akasiya kufika mungokweza dzanja.

Ndiyambe ndi zimene zinandichitikira ineyo. Tsiku lina ndinali ndi msonkhano wa pa intaneti 3 koloko masana. Poona kuti nthawi ikadalipo, ndinati ndiyambe ndaonera kanema wina wophunzitsa za ntchito yanga, ndipo ndinadina kabatani kokulitsa kanemayo kuti adzaze sikirini yonse. Mukudziwa zimene zimachitika ukatero. Kamzere ka m'munsi kaja, kamene kamaonetsa nthawi pakona ya kumanja, kamabisika. Foni inali pa chaja m'chipinda china. Kanema uja atatha panabwera wina wofanana naye, ine n'kupitiriza. Pamene ndinkachepetsa sikirini ija, manambala a pakona ankati 3:40. Anzanga anayi anandidikira mphindi khumi, kenako anapitiriza okha, ndipo mfundo imene ndinaikonzekera sabata yathunthu anaigamula ine kulibe. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinali pakompyuta pomwepo, maso ali pa sikirini, koma nthawi sindinkaiona. Usiku womwewo ndinayamba kufufuza kawotchi koika mu browser.

Browser ndi pulogalamu imene mumatsegulira masamba a pa intaneti: Chrome, Firefox, Edge, Safari, Opera. Ambiri a mapulogalamu amenewa amalola kuti muwonjezeremo timapulogalamu ting'onoting'ono tochita ntchito imodzi imene browser payokha siichita. A Firefox amatitcha add-on, a Chrome amati extension, koma n'chinthu chimodzimodzi. Sizinayambe lero. Firefox inatuluka mu November 2004 ili kale ndi mwayi umenewu. Chrome inabwera mu 2008, ndipo malo ake otengerako timapulogalamuti, Chrome Web Store, anatsegulidwa mu December 2010. Edge nayo, kuyambira mu January 2020, inamangidwa pa maziko omwewo a Chrome, n'chifukwa chake zambiri za Chrome zimagwiranso ntchito mu Edge.

Kuika kwake sikovuta. Pa Chrome mumapita ku Chrome Web Store, pa Firefox mumapita ku addons.mozilla.org. M'kabokosi kofufuzira mulembe mawu akuti clock, musankhe, mudine batani loikira. Ambiri amasokonezeka pambuyo pake: kaikidwa, koma sikakuoneka. Pa Chrome yang'anani m'mwamba chakumanja, pali kachizindikiro kooneka ngati kachidutswa ka chithunzi cholumikiza. Dinani pamenepo, mupeze dzina la kawotchi kanu, ndipo pambali pake dinani kaphini kuti kakhazikike poonekera. Basi.

Zoyenera kuganizira zili pa kusankha, chifukwa mawotchi amenewa sali a mtundu umodzi. Ena amakhala m'mwamba, pafupi ndi pamene mumalemba adiresi ya tsamba. Ena amaoneka mukatsegula tsamba latsopano lopanda kanthu, manambala akuluakulu pakati pa sikirini, ndipo amathandiza kwambiri anthu amene maso ayamba kuvuta. Ndiye pali mtundu wina umene umayandama pamwamba pa tsamba lenilenilo, pakona, n'kumakutsatani kulikonse kumene mwapita. Mitundu iwiri yoyambayo siikanandipulumutsa tsiku lija. Mukadina F11 pa Windows kuti tsamba lidzaze sikirini, mzere wa m'mwamba umabisika limodzi ndi kawotchi kamene kali pamenepo. Woyandama uja ndi amene amatsalira, ndipo nawonso si onse amene amaonekabe kanema akakulitsidwa. Choncho mukaika, yesani nthawi yomweyo: tsegulani kanema, mukulitseni, muone ngati manambala akuonekabe.

Apa ndiye ndikupempha kuti mumvetsere bwino, chifukwa kawotchi kothandiza kwambiri ndi kamenenso kamapempha zambiri. Mukadina batani loikira, pamatuluka kabokosi kokuuzani zimene kapulogalamuko kakufuna kuloledwa. Ambirife timangodina kuvomera osawerenga. Kawotchi ka m'mwamba kaja sikafunika kuona zimene zili m'masamba anu. Koma kuti kawotchi kajambulike pamwamba pa tsamba, kayenera kuloledwa kulowa m'tsambalo, ndipo uthenga wake umanena kuti kazitha kuwerenga ndi kusintha zonse za pa mawebusaiti onse amene mumatsegula. Mawu akuti onse akutanthauza onse ndithu: imelo yanu, tsamba la banki, makalata a kuntchito, malo amene mumalembapo pasiwedi. Sindikunena kuti aliyense wopanga kawotchi ndi wakuba. Ambiri ndi anthu abwino amene anangofuna kuthetsa vuto lofanana ndi langa lija. Koma chilolezo chimene mwapereka n'chachikulu kuposa ntchito yoonetsa nthawi.

Ndipo mwini wa kapulogalamu wa lero mwina sadzakhala mwini wake mawa. Panali extension ina yotchuka ya Chrome, dzina lake The Great Suspender. Sinali wotchi, ntchito yake inali kugoneka masamba amene simukuwagwiritsa ntchito kuti kompyuta isalemedwe. Anthu oposa 2 miliyoni ankaidalira. Amene anaipanga anaigulitsa mu 2020, ndipo mu February 2021 a Google anaichotsa atapezamo zinthu zovulaza. Anthu amene anaiika zaka za m'mbuyo sanalakwitse kanthu posankha. Timapulogalamuti timadzikonzanso tokha mwakachetechete, ndiye mtundu watsopano unangolowa m'makompyuta mwawo iwo osadziwa.

Nanga tichite bwanji? Ine ndimachita chonchi. Ngati ndikungofuna kuona nthawi m'mwamba, koma kabokosi kaja kakupempha masamba onse, ndimakana n'kufufuza kena. Ngati ndikufunadi koyandama, ndimakamangira malire. Pa Chrome lembani chrome://extensions pamalo a adiresi, tsegulani tsatanetsatane wa kawotchiko, ndipo mupeza posankha kuti kazigwira ntchito pa mawebusaiti onse, pa mawebusaiti okhawo amene mwatchula, kapena pokhapokha mukakadina. Kanga ndinakalola pa webusaiti ya makanema yokha, poti m'pamene nthawi imandithawira. Ku banki ndi ku imelo sikafikako. Pa Firefox mndandanda wa zonse zimene munaika uli pa about:addons. Ndipo musatenge extension pa ulalo umene munthu wakutumizirani pa WhatsApp kapena pa kachikwangwani kotulukira mwadzidzidzi patsamba. Pitani nokha kumalo ovomerezeka aja.

Eya, mayi, ndaona dzanja lanu. Mukuti nanga pa foni? Mwafunsa bwino. Chrome ya pa foni za Android silola ma extension. Firefox ya pa Android imalola, ndipo Safari ya pa iPhone inayamba kulola mu 2021. Koma ndinene moona, pa foni simufunika kuvutika nazo kwenikweni. Nthawi imakhala kale m'mwambamo, ndipo ikabisika mumangokoka ndi chala imatulukira. Nkhaniyi njofunika kwambiri pa laputopu ndi pa kompyuta ya patebulo.

Tsopano funso limene anthu ambiri saliganizira n'lakuti: kawotchi kameneka nthawi kamaitenga kuti? Ambiri amaganiza kuti poti kali mu browser, ndiye kuti kamaitenga pa intaneti ndipo sikangalakwe. Sizili choncho. Ambiri a mawotchiwa amangofunsa kompyuta yanu yomweyo n'kuonetsa zimene yayankha. Kompyuta ikatsalira ndi mphindi zisanu ndi ziwiri, nako katsalira ndi mphindi zisanu ndi ziwiri, ngakhale manambala ake akongole bwanji.

M'kati mwa kompyuta muli kawotchi kena kamene simukaona. Kamayendera kamwala kakang'ono ka quartz kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi, ndipo kamawerenga kunjenjemera kumeneko ngakhale kompyuta itazimitsidwa. Mphamvu kamaitenga ku kabatire kakekake. M'makompyuta ambiri a patebulo ndi kabatire kozungulira, kaphwatalala ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, ka mavoti atatu. Kamatha zaka zingapo. Kakafooka, mumayatsa kompyuta m'mawa n'kupeza deti labwerera zaka zambiri m'mbuyo. Ndinaonapo kompyuta ya mnzanga ikukana kutsegula pafupifupi tsamba lililonse, ikungotulutsa chenjezo lakuti wotchi yatsalira. Iye ankaganiza kuti mwalowa vairasi. Chimene chinkachitika n'chakuti masamba otetezedwa amakhala ndi chiphaso chokhala ndi deti loyambira ndi lothera, ndipo browser ikayerekeza chiphasocho ndi deti lolakwika la kompyuta, imachikana. Tinatsegula kompyutayo, tinachotsa kabatire kakale ndi chikhadabo, tinaika katsopano, tinakonza deti, ndipo masamba onse anatseguka.

Kamwala kaja nako sikalondola mpaka kalekale, kamataya kapena kuwonjezera timasekondi pang'onopang'ono. N'chifukwa chake kompyuta imafunsa nthawi ndi nthawi kwa makompyuta ena a pa intaneti amene amatsata mawotchi olondola kwambiri padziko. Njira yofunsirayi imatchedwa NTP, ndipo anaiyambitsa David Mills m'ma 1980. Pa Windows, lowani mu Settings, pagawo la nthawi ndi deti, muonetsetse kuti batani lokonza nthawi palokha ndi loyatsa. Pomwepo onaninso dera la nthawi limene kompyuta yanu yaikidwa. Malaputopu ogulidwa kwa munthu wina amabwera nthawi zambiri ali pa dera la mwini wake woyamba, ndipo wogula amangosuntha maola ndi dzanja kuti aoneke bwino. Zikatero nthawi imaoneka yolondola pakona, koma kalendala ndi maitanidwe a misonkhano zimasokonekera. Konzani dera, maola adzikonza okha.

Nkhani ya madera a nthawi ndi imene imachititsa kuti ndizikakonda kawotchi kameneka ngakhale pamene sikirini siili yodzaza. Pali ena, monga FoxClocks, amene amaonetsa nthawi ya mizinda ingapo pamzere umodzi. Ngati muli ndi mwana, m'bale, kasitomala kapena mphunzitsi kudziko lina, zimenezi zimakupulumutsani ku masamu a m'mutu amene amalakwika kawirikawiri. Dziko lapansi limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, ndipo mu 1884, pamsonkhano wa ku Washington, mayiko anagwirizana kuti kuwerenga kuziyambira pa mzere wodutsa ku Greenwich, mu London. Lero muyezo wake timautcha UTC. Koma si mayiko onse amene amasiyana ndi maola athunthu. India ili patsogolo pa UTC ndi maola 5 ndi mphindi 30, Nepal ndi maola 5 ndi mphindi 45.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi mayiko amene amasuntha mawotchi awo kawiri pachaka. Ku Britain amapititsa wotchi patsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la March, n'kuibweza Lamlungu lomaliza la October. Johannesburg sisintha, imakhala maola awiri patsogolo pa UTC chaka chonse. Ndiye mu January kusiyana kwa Johannesburg ndi London ndi maola awiri, mu July ndi ola limodzi. Madera ambiri a ku United States amasinthanso, koma pa masiku awoawo: Lamlungu lachiwiri la March ndi Lamlungu loyamba la November. Choncho London ndi New York, zimene zimasiyana maola asanu, mu March zimakhala masabata awiri kapena atatu zikusiyana maola anayi okha. Ndani angasunge zonsezi m'mutu? Kawotchi kabwino kamazitsata kokha, bola posankha musankhe dzina la mzinda, London kapena New York, osati nambala chabe ya maola. Mukasankha nambala, kadzakhala pomwepo pamene eni ake asuntha wotchi.

Kanthu kena kakang'ono: muike kawotchi kanu pa mawerengedwe a maola 24. Timalembo ta AM ndi PM timakhala tating'ono, ndipo m'mawotchi ena sitioneka n'komwe. Mukaona 07:00 ndi 19:00 simungasokoneze m'mawa ndi madzulo, makamaka pamene mukuyang'ana mizinda itatu nthawi imodzi. Masekondi azimitseni ngati simukuwafuna. Manambala ophethira pakona sekondi iliyonse amakoka maso, ndipo m'malo mokuthandizani kuwerenga amakusokonezani.

Bambo kumbuyoko mwafunsa ngati kangachedwetse kompyuta. Kamodzi kokha sikangakuvuteni. Vuto limabwera mukaika asanu kuti muyerekeze, n'kusankha kamodzi, enawo n'kuwaiwala momwemo ndi zilolezo zawo zonse. Mukamaliza kusankha bwererani ku mndandanda uja muchotse otsalawo. Ndipo ngati kompyutayo ndi ya kuntchito kapena ya kusukulu, yambani mwafunsa amene amaiyang'anira, chifukwa malo ena amatseka dala mwayi woika timapulogalamuti.

Tsopano amene muli ndi malaputopu atseguleni, ndipo amene mulibe khalani pafupi ndi mnzanu kuti muzionera limodzi. Tisanaike chilichonse, aliyense ayang'ane nthawi ya pakona pa kompyuta yake, aiyerekeze ndi ya pa foni. Amene zasiyana ngakhale ndi mphindi imodzi akweze dzanja, ndiyambira kwa iyeyo.