Chitsa cha m'chifunga

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tili pa 1 Mafumu 19.

Musamayeze zinthu m'chifunga. Ndikuuza inu, koma kwenikweni ndikudziuza ndekha.

Ife a kuno ku Dedza chifunga timachidziwa. Ukalawirira kudimba, phiri lonse lija osaoneka, chitsa cha m'mbali mwa njira chimasanduka fisi, miyendo n'kuzizira. Chulu nacho chimaoneka ngati denga la kwanu, n'kumati ndafika, pamene ulendo ukadalipo.

Zotsatira za mayeso a sitandade 8 zinandipeza m'chifunga chotere. Mwana wanga wakhoza, koma sanasankhidwe kusukulu yogonera konko. Dzina lake lili kusekondale yoyendera ya m'dera, ija amati CDSS. Ine ndinali nditagula kale sutukesi ndi ndalama za mbatata ya kachewere, mumtima nditamuveka kale malaya oyera a udokotala. Lachiwiri sindinadye. Ndinakhala pakhonde ngati pagwa maliro, mpaka mwanayo anabwera pang'onopang'ono n'kundifunsa, "Amayi, kodi ndalephera?"

Funso limenelo likundilasabe.

Mneneri Eliya uja anaona moto ukutsika pa Karimeli pamaso pa aneneri 450 a Baala. Mwina ankati basi, Israyeli yense watembenuka. Chinali chulu. Uthenga umodzi womuopseza wa mfumukazi Yezebeli, munthu wa Mulungu uyo wathawira kuchipululu, akupempha imfa, akuti ndatsala ndekha. Chinali chitsa. Mulungu anali nawo anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, koma m'chifunga ungawaone bwanji?

Chimene chandigwira mtima n'chakuti mngelo sanayambe ndi kumudzudzula. Anamudzutsa, kumupatsa mkate ndi madzi, kawiri konse. Ayambe wadya, ayambe wagona.

Inu amene mwapambana sabata ino, Mulungu alemekezeke, koma musavule nsapato, simunafike. Nanunso achimwene, achemwali, amene mwagona ndi misozi chifukwa cha ntchito imene yapita kwa wina, kapena kabichi amene waolera pamsika wa Lizulu, musathamangire kulengeza kuti zanu zatha. Mwamuyandikira fisi ameneyo? Mwamukhudza? Dikirani dzuwa likwere, musayeze zinthu m'chifunga. Ana akutiyang'ana nkhope, ndipo mantha athu amawalowa msanga kuposa mawu athu.

Dzulo ndinamuitana mwana wanga, ndinamupepesa, ndipo tinapemphera limodzi. Lero tikupita kwa telala kukamuyeza yunifolomu. Mutikumbukire m'mapemphero anu, chifunga changa sichinathe chonse.