Ndege sitsika mwachisawawa

Zikomo a mfumu, aphunzitsi, amayi ndi abambo, ndi inu ana mwakhala pansi kutsogoloku. Funso limene landipeza ndi la mayi ena amene amalima kufupi ndi bwalo la ndege ku Lumbadzi kuno. Akuti amaona ndege ikutsika, kenako yaleka kutsika, kenako yayambanso. Kodi woyendetsayo amakhala akukayikakayika? Ayi amayi, sakayika. Amakhala akutsata manambala amene anamuikira.

Titenge ndege yochokera ku Johannesburg. Imauluka pa mafiti ngati 35,000, ndiye kuti makilomita oposa 10 m'mwamba. Bwalo la Kamuzu lili pa mafiti pafupifupi 4,000 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho otsika ndi mafiti 31,000. Masamu ake ndi a sitandade 4: mafiti 1,000 aliwonse amadya mamailosi atatu a panyanja. Ana inu, 31 kuchulukitsa ndi 3? Eya, 93. M'makilomita ndi 170 ndi kanthu. Muwonjezerepo mtunda wochepetsera liwiro, ndipo ngati mphepo ikukankha kumbuyo muwonjezerenso. Ndiye kuti woyendetsa amachepetsa moto wa mainjini ndege ikadali pamwamba pa Mozambique, Lilongwe asakumuona n'komwe. Kompyuta ya m'ndege imawerengera zonsezi, inde, koma woyendetsa wabwino amawerenganso yekha m'mutu, chifukwa kompyuta imangokhulupirira zimene munthu wailembera.

Pofika pa mabwalo otanganidwa ngati la OR Tambo ku Johannesburg kapena la Heathrow ku London pali njira zofikira zojambulidwa kale pa mapu. M'njiramo muli malo osaoneka ndi maso, okhala ndi mayina a zilembo zisanu, ndipo pambali pa ena pali nambala ya msinkhu. Nambala ikakhala ndi mzere kunsi, udutse pamenepo kapena pamwamba, osatsikirapo. Mzere ukakhala pamwamba pa nambala, udutse pamenepo kapena kunsi, osakwererapo. Ikakhala ndi mizere iwiri, pomwepo basi. Nambala iliyonse ili ndi mwini wake. Ina mwini wake ndi phiri, ngati Sapitwa wa ku Mulanje amene amafika mamita 3,002. Ina mwini wake ndi ndege zonyamuka zimene zikudutsa kunsi kwako, iwe osaziona chifukwa cha mitambo. Ndiye mukaona ndege yaleka kutsika, mwina yafika pa nambala yake ndipo ikudikira chilolezo chopitirira.

Chovuta n'chakuti jeti ndi yoterera. Madalaivala a malole mukudziwa za Khwekhwerere: ukayamba kutsetsereka uli pa giya yayikulu, mabuleki okha sakupulumutsa. Ndege nayo silola kutsika msanga ndi kuchepetsa liwiro nthawi imodzi. Ukaloza mphuno pansi, liwiro limakwera. Ukakweza mphuno kuti liwiro litsike, sutsika. Komatu m'mayiko ambiri lamulo limati ukafika pansi pa mafiti 10,000 usapyole manoti 250, ngati makilomita 460 pa ola. Tsono zimachitika kuti owongolera ndege a pansi akusunga m'mwamba chifukwa cha ndege ina, kenako n'kukuuza kuti utsike msanga. Amene munakhalapo pa windo pafupi ndi phiko munaona timalata tikudzuka pamwamba pa phiko, ndege n'kumanjenjemera ngati ikudutsa pa miyala. Musamachite mantha, amenewo ndi mabuleki a mphepo. Zikakanikabe, woyendetsa amauza wa pansi kuti sakwanitsa, ndipo ayenera kunena nthawi ilipo. Kwa ine, woyendetsa wochita manyazi kunena kuti sakwanitsa ndiye woopsa kuposa wosadziwa masamu.

Tsopano mvetserani izi, chifukwa malamulo ambiri a ntchitoyi anabwera maliro atachitika. Pa 1 Disembala 1974, ndege ya kampani ya TWA, nambala 514, ya mtundu wa Boeing 727, inkapita ku Washington ku America. Kunali mphepo yamkuntho, choncho anaisintha kuti ikatere pa bwalo la Dulles. Ili pa mafiti 7,000, kukadali mtunda wa mamailosi oposa 40, wa pansi anawauza kuti aloledwa kuyamba njira yoterera. Mawu ake anali omwewo, sanatchule msinkhu. Kaputeni anamva kuti ndiye kuti atha kutsika mpaka mafiti 1,800, nambala yolembedwa chakufupi ndi bwalo. Wa pansi uja ankaganiza kuti oyendetsa adzisunga okha pamwamba pa mapiri monga mapu ankanenera. Aliyense ankayesa kuti mnzake ndiye akuyang'anira phiri.

Chowawa n'chakuti m'chipinda choyendetsera anaiona nambala ina pa mapu, 3,400, imene inali malire a dera limenelo, ndipo anakambirana. Mawu awo anajambulidwa. Koma anagwirizana kuti poti aloledwa, atha kutsika. Ali m'mitambo, osaona kanthu, anagunda phiri la Mount Weather ku Virginia. Anthu onse 92 anafa. Pofufuza zinadziwika kuti masabata asanu ndi limodzi m'mbuyomo, ndege ya kampani ya United inalakwitsa chimodzimodzi pamalo omwewo n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi. Oyendetsa ake anakanena ku kampani yawo, koma uthengawo sunawafikire a TWA.

Zitatero anakonza lamulo: ukaloledwa kuyamba njira yoterera, khalabe pa msinkhu womaliza umene unapatsidwa kufikira utalowa pa chigawo cha njira chimene chili ndi nambala yake pa mapu. Analamulanso kuti ndege zikuluzikulu zikhale ndi chipangizo chokuwa nthaka ikayandikira. Ndipo mu 1976 bungwe la boma la America la NASA linayamba kulandira malipoti a oyendetsa ndege mwachinsinsi, kuti wolakwitsa aulule ena aphunzirepo.

N'chifukwa chake lero nambala imodzi imadutsa pakamwa katatu. Wa pansi atchula, woyendetsa abwereza pa wailesi, mmodzi mwa oyendetsa awiriwo aipotokolera pa kabatani, mnzake aloza ndi chala n'kuitchulanso mokweza. Pansi pa mafiti 10,000 nkhani za mpira ndi za kunyumba zimaletsedwa m'chipindamo.

Kotsala ndi kamodzi. Chipangizo choyezera msinkhu chimadalira kulemera kwa mpweya, ndipo mpweya umasintha ndi nyengo. M'mwamba ndege zonse zimaika pa chipangizocho nambala imodzi ya kulemera kwa mpweya, 1013, koma potsika umaika ya pa bwalo limene ukupita, imene timaitcha QNH. Mu Meyi 2022 ku Paris, ndege ya Airbus A320 inapatsidwa 1011 m'malo mwa 1001. Kusiyana kwa 10 kokhako ndi mafiti pafupifupi 280. Kunali mvula, chipangizo choyezera msinkhucho chinkaonetsa kuti zonse zili bwino, koma ndege inatsala mafiti 6 kuti ikhudze nthaka isanafike pa bwalo, oyendetsa atayamba kale kukwezanso. Mafiti 6 ndi msinkhu wa bambo wamtali uyo waima pa khomoyo.

A mfumu akundikodola kuti nthawi yatha. Ana inu yambani ndinu mafunso, akuluakulu abwere pambuyo.