Makalata a Omvera: Chikho Cholowa M'nyumba Yopanda Mtendere (pulogalamu ya mu 2025, masewero a chaka chimenecho asanayambe)

Takulandirani, omvera athu, ku ndime ya makalata, ndipo onse amene tasankha lero akukhudza mpira wachimereka wa m'mayunivesite, womwe osewera amanyamula m'manja atavala zipewa zolimba. Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre.

"Zikomo a Muulutsi. Ndinamva kuti timu ya Ohio State inatenga chikho cha dziko lonse mu Januwale 2025, koma ndinamvanso kuti masabata ochepa m'mbuyomo ochemerera ake ankafuna kuti mphunzitsi wawo achotsedwe ntchito. Kodi anthu amenewa amafuna chiyani kwenikweni? Nanga ana a sukulu angautse bwanji mkwiyo wotere mwa akuluakulu?"

Zikomo bambo. Yankho lagona pa masewero amodzi okha, a pa 30 Novembala 2024, pamene Michigan, yomwe chaka chimenecho inali yofooka ndipo inali itagonja kale kasanu, inapita ku Columbus n'kukagonjetsa Ohio State 13 kwa 10 pakwawo pomwe. Kumeneku kunali kugonja kwachinayi kotsatizana kuyambira mu 2021, ndipo mphunzitsi Ryan Day anatsala ndi chipambano chimodzi chokha pa masewero asanu olimbana ndi mdani wamkuluyu. Masewero atatha, anyamata a Michigan anayesa kuzika mbendera yawo pakati pa bwalo, ndewu inabuka, apolisi anathira anthu mankhwala a tsabola m'maso, ndipo Big Ten, ligi yomwe matimu awiriwa amasewerera, inalipiritsa sukulu iliyonse madola 100,000.

Inu a ku Ndirande mukudziwa mmene mzinda umakhalira Maule akamakumana ndi Manoma, koma matimu athuwa amatha kuonana kangapo pa chaka, mu ligi ndi m'zikho, pamene Michigan ndi Ohio State mwachizolowezi amakumana kamodzi kumapeto kwa Novembala, kotero wogonja amasenza manyaziwo chaka chathunthu. Anayamba kukumana mu 1897, ndipo udani wa madera awiriwa ndi wakale kuposa mpirawo, chifukwa m'zaka za 1835 ndi 1836 Ohio ndi Michigan anakanganirana kachigawo ka malo komwe kuli mzinda wa Toledo. Moto unakolezedwa kwambiri pakati pa 1969 ndi 1978, pamene mphunzitsi Woody Hayes wa Ohio State ankalimbana ndi mphunzitsi mnzake Bo Schembechler, yemwe kale anali womuthandizira wake asanapite ku Michigan. Mpaka lero, sabata ya masewerowa ikafika, ophunzira a ku Columbus amamata tepi yofiira pa chilembo cha M chilichonse chimene chili pa zikwangwani za pasukulupo, ndipo wosewera aliyense amene wagonjetsa Michigan amalandira kathalauza kakang'ono kagolide kovala m'khosi, mwambo womwe unayamba mu 1934. Taganizirani kuti anyamata ambiri amene anakweza chikho mu Januwale uja analibe kathalauza kameneka ngakhale kamodzi.

Kunena kuti ndi ana a sukulu n'zoona, koma bwalo la Michigan ku Ann Arbor limalowa anthu oposa 107,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi makolo ndi agogo amene anaphunzira pomwepo kapena anabadwira m'banja lochemerera timuyo.

Maganizo anga ndi akuti ochemererawo analakwa pofuna kuchotsa munthu amene amapambana pafupifupi masewero ena onse, koma ululu wawo ndimaumvetsa, ndipo pali china chimene chimandidetsa nkhawa. Kale, kugonja kotereku kukanatseka njira ya ku chikho. Kuyambira mu 2024 mpikisano wachipulula umalowa matimu 12 m'malo mwa anayi, n'chifukwa chake Ohio State inapezabe mpata, n'kuchotsa Tennessee, Oregon ndi Texas. Ngati timu ingagonje kwa mdani wake wamkulu n'kukhalabe akatswiri a dziko, ndiye kuti kulemera kwa Loweruka lomaliza la Novembala kwayamba kuchepa, ndipo chimenecho ndicho chinkasiyanitsa mpira wa m'mayunivesite ndi wa NFL, ligi yaikulu ya akatswiri a mpirawu ku Amereka.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mayi wina wa ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, komwe kumakhala Amalawi ambiri ndithu.

"A Muulutsi, ife kuno timakhala pafupi ndi yunivesite ya Notre Dame, ndipo tsiku la masewero misewu imadzaza kuyambira m'mawa, anthu akuwotcha nyama kumbuyo kwa galimoto zawo. Ana anga anandikokera ku timuyi mpaka ndinalira pamene tinagonja mu fainolo. Kodi pali chiyembekezo choti chikho chingabwere mu 2025?"

Pepani mayi, ndipo misozi yanu inali ndi chifukwa, popeza Notre Dame inatenga chikho komaliza mu 1988, pansi pa mphunzitsi Lou Holtz. Mu 2024 inachita manyazi pa masewero ake achiwiri pogonja pakhomo 16 kwa 14 kwa Northern Illinois, sukulu yomwe palibe amene ankaiwerengera, koma kuchokera pamenepo inapambana masewero 13 otsatizana mpaka kukafika mu fainolo ya ku Atlanta, komwe inakumana ndi Ohio State. Mu fainoloyo inatsalira 31 kwa 7, inalimbikira mpaka kufika 31 kwa 23, ndipo chiyembekezo chinatha pamene Will Howard wa Ohio State anaponyera mnzake Jeremiah Smith mpira wautali chakumapeto, masewero n'kuthera 34 kwa 23. Timu imene imadzuka chotero ili ndi mtima, ndipo ulemu upite kwa mphunzitsi wake Marcus Freeman, yemwenso pa unyamata wake ankasewerera Ohio State yomweyo.

Za 2025 ndinene mosamala. Riley Leonard, quarterback (woponya mpira) amene ankatsogolera timuyo, anapita ku NFL, ndipo Al Golden, mphunzitsi amene ankakonza otchinga kumbuyo, anapita ku timu ya NFL ya Cincinnati Bengals. Chotonthoza n'chakuti Jeremiyah Love, katswiri wothamanga ndi mpira, akadalipo mu 2025. Vuto lina n'lakuti Notre Dame siili mu ligi iliyonse pa mpira umenewu, choncho ilibe fainolo ya ligi yoti ikadziwombolere ikapunthwa koyambirira, ndipo masewero ake oyamba a 2025 ndi ovuta, okakumana ndi yunivesite ya Miami kwawo. Ndikuiona ikulowa m'gulu la matimu 12, koma chikho chenichenicho chidalira mnyamata watsopano amene aponye mpira.

Onaninso, mayi, kuti Leonard anachokera ku Duke ndipo Howard anachokera ku Kansas State, onse atangosewera chaka chimodzi m'matimu amene anawafikitsa mu fainolo. Kuyambira mu 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina ndi chithunzi chawo, kusamuka sukulu kunaphweka, ndipo kuyambira mu Julaye 2025 sukulu iliyonse ikhoza kugawira osewera ake ndalama zofika pafupifupi madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. N'chilungamo kuti anyamata amene amavulala pofuna kudzaza mabwalo alandire gawo lawo, koma kulosera za timu kwavuta, chifukwa gulu limene munaliona mu Januwale si limene mulione mu Seputembala.

Yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa mnyamata wa ku Chipata: "Kodi Alabama yatha basi chichokereni Nick Saban?"

Ayi achimwene, musafulumire kuiika m'manda. Mphunzitsi Saban anapuma mu Januwale 2024 atapatsa Alabama zikho zisanu ndi chimodzi, ndipo Kalen DeBoer, amene anamulowa m'malo kuchokera ku Washington, anapambana masewero 9 n'kugonja 4 m'chaka chake choyamba. Kwina kulikonse zimenezi n'zabwino, koma ku Tuscaloosa, kwawo kwa Alabama, kugonja kwa Vanderbilt 40 kwa 35 sikuiwalika msanga. Chimene chinamuteteza n'chakuti anagonjetsa Auburn, mdani wa m'chigawo chomwecho, yemwe mkangano wake ndi Alabama unakula mpaka matimu awiriwa sanakumane kuyambira mu 1908 kufikira mu 1947. Mu 2025 masewerowo achitikira ku Auburn, komwe Alabama yakhala ikuvutika ngakhale m'masiku a Saban, ndipo akakagonja kumeneko atalepheranso kulowa m'gulu la matimu 12, mpando wake uyamba kutentha.