Chifukwa chake makina sitikugula, zokamba pa gulu lathu ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe

Zikomo amayi ndi abambo, amene muli kumbuyoko sunthirani kuno chifukwa mawu anga lero ndi ochepa. Mwezi watha munafunsa kuti bwanji anyamata athu a ku msika wa amisiri wa Siyaso ndi aja opala mipando ku Glen View akhala zaka ndi zaka ndi makina omwewo, bizinesi osakula. Ena mumati ndi ulesi, ine ndikukana.

Tiyeni tiwerenge. Mu Januwale 2009 tinagwira ndalama ya pepala ya madola a Zimbabwe 100 trillion, zomwe tinasunga ku banki zinali zitapita kale. 2016 kunabwera ndalama za mapepala za ma bond note akuti ndi zofanana ndi dola ya ku America, 2019 ndalama ina yotchedwa RTGS, kenako Epulo 2024 ndalama yatsopano ya ZiG inayambira pa 13.56 pa dola imodzi koma pofika kumapeto kwa Seputembala inali pa 24 ndi kanthu. Ndiye munthu wapsa kangapo chonchi mukufuna agule makina ocheka matabwa oti abweze ndalama patatha zaka zitatu, magetsi omwe akuzimazima? Amapita kukaoda tomato ku Mbare Musika, lero waoda mawa ndalama ili m'thumba basi.

Banki nayonso ili ndi mantha omwewo, musaiwale. Ife tikalandira timatapa tsiku lomwelo ndiye iwo abwereketsa chani kwa zaka zisanu, amapereka ngongole ya miyezi yochepa ndipo amafuna chikole, title deed, chikalata cha umwini wa malo. Apa ndi pamene zimatiwawa ifeyo chifukwa agogo athu anachoka ku Nyasaland kudzagwira m'mafamu ndi m'migodi, malo analibe, ambiri mpaka pano tikuchita lendi. Mu 2022 Reserve Bank inakweza chiwongola dzanja kufika 200 peresenti, ndipo mu Meyi chaka chomwecho boma linaimitsa mabanki kubwereketsa kwa masiku angapo, tangoganizani amene anali ataitanitsa kale katundu. Kwatsala katapila, anzathu a Chishona amati chimbadzo, ameneyo amakudya wamoyo.

Mayi mwakweza mkono, ndakuonani, dikirani pang'ono. Ngati mukubwereka, bwerekani mu ndalama yomwe mumagulitsira, osatenga ngongole ya madola pomwe makasitomala anu amalipira ZiG. Ndipo chipereganyu chathu chija, mukando, mmalo mogawana tizidutswa mwezi ndi mwezi bwanji anthu khumi tisonkhe kwa mmodzi agule makina athunthu, tilembe m'buku ndi mboni ziwiri. Eya mayi, funsani tsopano.