Namondwe si wa ku Beira kokha: mvetserani musanakwere basi ya kumudzi

Moni aMalawi anzanga nonse muli kuno ku Joni, a ku Yeoville, Rosettenville, Mayfair, ndi inu mukutionera ku Durban. Disembala wayandikira, ku Park Station matikiti akutha, ena mwayamba kale kumanga katundu. Lero tikamba za namondwe, ulendo wanu, ndi abale amene mumawatumizira ndalama. Dinani kaye subscribe ndi kabelu kaja, tiyambe.

Zoyambirira mwachangu. Namondwe amabadwira panyanja ya mchere madzi akatentha kupitirira madigiri 26. Nyengo yake ndi Novembala mpaka Epulo, koma oopsa amakonda Januwale mpaka Malichi. Ndiye kuti opita Disembala n'kubwerera Januwale, mumabwerera m'kati mwa nyengo yoopsayo.

Choyamba: pasipoti ndi mapepala onse muziike m'pepala la pulasitiki, muzijambulenso pa foni. Basi.

Chachiwiri: msewu. Mukudziwa kale, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, kenako Mwanza. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize. Mlatho umodzi ukaduka, ulendo wa masiku awiri umasanduka wogona panjira. Nyamulani madzi akumwa, chakudya chosawola, power bank, mankhwala anu a shuga kapena a BP owonjezera, ndi ndalama ya m'manja, chifukwa magetsi akazima makina a khadi sagwira. Ndipo inu amene mumadikira tsiku lomaliza la tchuthi kuti mukwere, siyani masiku awiri apadera.

Tsopano imani kaye, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Ndimamva mawu awa kusaluni, kutchalitchi, ngakhale m'makomenti mwanu: "Ife tilibe nyanja ya mchere, namondwe ndi wa anthu a ku Beira ndi Quelimane, akafika kwathu amakhala atatha mphamvu." Abale anga, bodza limeneli lapha anthu!

[Mapu pa sikirini]

Taonani apa. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, nawoloka nyanja yonse ya India, nakhala moyo masiku 36. Palibenso namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa chotero. Pa 11 Malichi anagunda kufupi ndi Quelimane. Kuchokera pamenepo kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 300 okha. Ku Mozambique, kumene anagunda kawiri, anamwalira anthu osakwana 200. Ku Malawi, dziko lopanda gombe la nyanja ya mchere, anamwalira opitirira 600, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anasiya nyumba zawo. Bwerezani manambala amenewo, muwatumizire amene amakutsutsani.

Zinatheka bwanji? N'zoona kuti namondwe akalowa kumtunda mphepo imachepa. Koma chimapha anthu ambiri ndi madzi. Mitambo yodzadza chinyezi cha kunyanja ikagunda mapiri a Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Soche, imakwera m'mwamba, n'kuzizira, n'kukhuthula zonse pamalo amodzi, usana ndi usiku. Mitengo tinadula kuotcha makala, nyumba tinamanga mpaka m'khosi mwa phiri. Dothi likakhuta madzi limamasuka, limatsika ndi miyala yaikulu ngati minibasi. Ku Chilobwe zinachitika anthu ali m'nyumba zawo. Agogo athu ankati napolo. Anadutsa ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ndiye si zachilendo ayi. Onaninso Chimanimani ku Zimbabwe: kumapiri, kutali ndi nyanja, koma Idai mu 2019 anakwirira anthu kumeneko atachoka ku Beira.

Nanga anzathu a m'mphepete mwa nyanja anachita chiyani? Idai atawaphunzitsa, anayamba kumvera chenjezo. Uthenga umadutsa pa wailesi, pa foni ndi pa zimkuzamawu, anthu n'kusamukira kusukulu ndi malo okwera mphepo isanafike. Ku Quelimane akudzalanso mitengo ya mangrove yotchinga mafunde. Ife timamva chenjezo lomwelo n'kumati tiona mawa. Zimandipweteka kwambiri.

Ngati muli ndi m'bale anakhudzidwa ndi Freddy, lembani boma lanu m'makomenti, ndiwerenga onse.

Chachitatu, ndipo ichi n'chanu inu otumiza ndalama. Tonse timatumiza ya feteleza ndi ya malata. Chaka chino patulani pang'ono ya kawailesi ka mabatire, tochi, ndi kolorini wothira m'madzi, pajatu kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 kwathu. Mukaimba foni afunseni amayi mafunso enieni: "Madzi akabwera usiku muthawira kuti? Agogo awanyamula ndani? Ziphaso ndi mabuku a kuchipatala zili pati?" A ku Nsanje ndi Chikwawa akudziwa mmene Shire ndi Ruo zimakwiyira. A ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota munaona nyanja ikulowa m'nyumba mu 2024. Adziwe nambala ya wapampando wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zoterezi, akati samukani, asamuke. Asodzi, a zanyengo akachenjeza, bwato likhale kumtunda.

Chachinayi: tsatirani tsamba la Facebook la nthambi ya zanyengo ya kwathu, musamadalire mavoisi a m'magulu a WhatsApp.

Sabata yamawa tikamba za katundu amene amalipiritsidwa msonkho pa boda ya Mwanza, ambiri mwakhala mukufunsa. Kanikizani like, vidiyoyi muitumize ku gulu la banja lanu lero lomwe, makamaka kwa amene ali ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Tionana!