Lubani wa ku Sumatra ndi amene amakolola

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Inu akumbuyoko senderani kuno, ndili ndi kanthu koti kadutse m'manja mwanu. Kakuoneka ngati kamwala kofiirira ka mawanga oyera, koma ndi utomoni wouma. Kakandeni ndi chikhadabo, mununkhize, mupatsire mnzanu. Anawo asakatafune.

Azungu amautcha benzoin. Umachokera mu mtengo wa Styrax, umene kwathu kuno kulibe. Kwawo ndi kumapiri a chilumba cha Sumatra ku Indonesia, ndi kumpoto kwa Laos. Koma dzinali ndi lachibale ndi mawu amene tonse timawadziwa, lubani. Aluya ankati luban jawi, ndiye kuti lubani wa ku Jawa, chilumba choyandikana ndi Sumatra, poti kwa iwo Sumatra nayenso anali Jawa. Ibn Battuta, mlendo uja wa ku Morocco amene anafika ku Sumatra m'ma 1340, anautchula choncho. Amalonda a ku Ulaya atamva, anadula "lu" uja poyesa kuti ndi kamawu kongotsogolera dzina, n'kutsala benjui, kenako benjoin. Mu 1461 mfumu ya ku Egypt inautumiza ngati mphatso kwa mtsogoleri wa mzinda wa Venice ku Italy, ndiye mutha kuona kuti sunali katundu wamasewera. Ngakhale benzene, mankhwala opezeka mu petulo, dzina lake linachokera pomwepa, katswiri wa ku Germany Eilhard Mitscherlich atawatulutsa mu asidi wa utomoniwu mu 1833.

Tsopano tiyeni kunkhalango, kumene kuli nkhani yeniyeni. Okolola ndi anthu a mtundu wa Batak, okhala kufupi ndi nyanja ya Toba ku Sumatra, ndipo iwo mtengowu amati haminjon. Chodabwitsa chake n'chakuti mtengo wabwinobwino sutulutsa kanthu. Muudule, muuwaze, simupezamo utomoni wosungidwa. Umayamba kupanga pokhapokha wavulazidwa, pofuna kutseka chilonda, monga nkhanambo pabala. Ndiye luso lonse lagona pa kudziwa kuvulaza osapha.

Mtengo amaudikira ufike zaka 7 kapena kupitirira. Bambo amakwera ndi chingwe ndi timitengo topondapo, n'kuyamba wapala ndere pathunthu kuti payere. Akatero amaboola khungwa ndi kachitsulo, kulitukula pang'ono osalichotsa, n'kuligogoda ndi chigwiriro kuti libwerere pamalo pake. Pansi pa khungwapo pamatsala kathumba, ndipo m'menemo ndi momwe utomoni umadikha. Kenako basi, kumapita kunyumba. Miyezi itatu kapena inayi ikatha amabwerera kukagamula khungwa lija, n'kupeza mibulu yoyera itauma. Imeneyo ndiyo giredi yapamwamba. Zopalapala za pambuyo zimakhala zakuda, zosakanikirana ndi makungwa, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Alimi a fodya apa mwamva kale.

Abambo amachoka pamudzi kumayambiriro a sabata, n'kumagona m'misasa kunkhalangoko masiku angapo. Pali nthano yawo yoti mtengowu unali mtsikana amene anathawira kuthengo pokana ukwati womukakamiza chifukwa cha ngongole ya bambo ake, ndipo utomoni woyerawo ndi mkaka wake. N'chifukwa chake asanayambe ntchito amapereka nsembe ya timikate ta ufa wa mpunga, ndipo pakati pa mitengoyo satukwana. Ena museka, koma ine ndimaona kuti munthu amene akuyesa mtengo mwana wamkazi sangautemere dala mozama.

Ku Laos amachita mosiyana pang'ono. Mtengo wa kumeneko umamera m'tsala, m'minda ya m'phiri imene akololamo mpunga, kumadera a Luang Prabang, Phongsaly ndi Houaphan. Utomoni wake ndi umene opanga perefyumu amaulimbirana, chifukwa umanunkhira ngati vanila, komanso umagwira fungo la maluwa kuti lisathawe msanga pakhungu. Koma pamsika amautcha wa ku Siam, dzina lakale la Thailand, chifukwa choti unkadzera ku Bangkok. Mwaonatu: uja akuti wa ku Jawa pomwe ndi wa ku Sumatra, uyu akuti wa ku Siam pomwe ndi wa ku Laos. Kawiri konse dzina linatsata wogula ndi doko lake, wokwera mumtengo osatchulidwa. Wa ku Sumatra wambiri umathera kofukiza, m'matchalitchi, m'nyumba ndi pamiyambo, wina m'ndudu za ku Jawa, wina m'mankhwala aja a Friar's Balsam amene ena munafukizirapo chimfine.

Amayi apo akufunsa ngati ntchitoyi ikadalipo. Ilipo mayi, koma movutikira. Haminjon amafuna mthunzi ndi chinyontho cha mitengo ina. Mukagwetsa yoyandikana nayo, utomoni umachepa. Mu 2009 anthu a m'midzi ya Pandumaan ndi Sipituhuta ku Sumatra anayamba kulimbana ndi kampani ya zopangira mapepala imene inkadula nkhalango yawo n'kudzalamo bulugamu. Ena anamangidwa. Boma linali litapereka chilolezo pamalo amene makolo awo anakololapo mibadwomibadwo opanda kalata. Mu Disembala 2016 Joko Widodo, amene anali Pulezidenti wa Indonesia pa nthawiyo, analengeza kuti mahekitala opitirira 5,000 achotsedwa m'manja mwa kampaniyo, komabe mapepala otsimikiza umwini wawo anatenganso zaka.

Kanthu kaja kafika pati? Achimwene, kabwezeni kuno, ndakuonani mukulowetsa m'thumba. Mayi, tabweretsani khala limodzi la moto pa phale. Nditsinapo kachidutswa ngati njere ya chimanga basi, mukachulutsa kamatsokomoletsa. A mphumu khalani cha uko kumene kukuchokera mphepo.